Chikondi cha masabata awiri ndi funso la azakhali anga

Mwezi wa Okutobala ukafika kuno ku Ngabu, ntchito zambiri zimaima dzuwa likangofika paliwombo, chifukwa kutentha kumapitirira madigiri 40, moti ngakhale mbuzi zimangogona pansi pa mitengo ya nimu osafuna msipu. Nthawi imeneyo ndi imene ndimayala mkeka pakhonde n'kutsegula limodzi mwa mabuku a nkhani zachikondi amene ndimagula kwa ogulitsa mabuku akale m'mbali mwa msewu ku Limbe. Ambiri ndi a kampani ya Mills & Boon, imene inakhazikitsidwa ku London m'chaka cha 1908 n'kudzagulidwa ndi Harlequin ya ku Canada mu 1971, ngakhale kuti atsopano ena ndimawerengera pa foni ndikakhala ndi bandulo. Apepalawo amandipeza atadutsa m'manja mwa anthu ambiri, ndipo limene ndamaliza sabata yathayi linalibe masamba anayi omaliza, amene ndikukhulupirira kuti wina anakulungira mandasi.

Amene amandikoka kwambiri ndi onena za chikondi chopezeka patchuthi kudziko lachilendo. Mkazi wa ku London kapena ku New York, wotopa ndi ntchito ya muofesi kapena amene chibwenzi chake changotha kumene, amakwera ndege kupita pachilumba cha Santorini ku Greece, mwinanso kugombe la Amalfi ku Italy, kuti akapume masabata awiri. Kumeneko amakumana ndi mwamuna woyendetsa boti, amayambana tsiku loyamba, ndipo pofika tsiku lachisanu aliyense akulephera kugona poganizira mnzake. Luso la olembawa ndimalivomereza, chifukwa sasowa kupeka mdani woti asokoneze chikondicho. Tikiti yobwerera kwawo ili kale m'chikwama, ndipo tsamba lililonse likuyandikitsa tsiku lonyamuka. Chimene chimandiseketsa n'chakuti munthuyo walipira ndalama zankhaninkhani kuti akagone padzuwa, pamene ine wowerenga ndikusuntha mkeka ola lililonse polithawa dzuwa lomwelo.

Azakhali anga sawerenga Chingerezi, koma amakonda kuti ndiziwafotokozera nkhanizi iwo akupeta mapira. Tsiku lina ndili pakati pofotokoza mmene awiriwo anayendera panyanja dzuwa likulowa, anaika lichero pansi n'kundifunsa kuti, "Mwananga, mwamunayo kwawo n'kuti, nanga abale ake anawaona?" Ndinayankha kuti, "Ayi azakhali, angodziwana masiku khumi okha." Iwo anati, "Ndiye ankhoswe adzakhala ndani, woyendetsa ndegeyo?" Ndinaseka mpaka misozi, koma funsolo silinandichoke. Kuno kuchigwa, kumene Asena amapereka lobola mkazi n'kupita kwa mwamuna, pamene Amang'anja ambiri amatsata chikamwini, nkhani ya kumene banja likakhale imakambidwa ndi akuluakulu a mbali zonse ziwiri, ndipo nthawi zina imatha miyezi. M'bukumo imatha ndi theka la tsamba, pabwalo la ndege, anthu akuwomba m'manja.

Komabe chimene chimandivuta si kusowa kwa ankhoswe. Nkhani zimenezi pafupifupi zonse zimaonedwa ndi maso a munthu wobwera, ndipo eni dera amangokhala ngati maluwa okongoletsa malo. Ife a kuno tikudziwa mbali inayo, pakuti nafenso ndife dziko limene ena amabwerako kudzapuma. Chiyambire 2003 pamene bungwe losamalira nyama zakutchire la African Parks linayamba kuyang'anira nkhalango ya Majete, alendo ochokera kunja amatsika phiri la Thabwa kudzaona njovu ndi mikango, enanso amapitirira mpaka ku Lengwe kukaona nyala, ndipo amene amawanyamulira zikwama ndi kuwalondolera m'tchire ndi anyamata a m'midzi yathu yomwe ino. Mnyamata wotere atakondana ndi mlendo, kuti amutsatire ku Italy kapena ku Greece ayenera kukhala ndi pasipoti, viza ya Schengen yolowera m'mayiko ambiri a ku Ulaya ndi umboni wa kubanki wosonyeza kuti ali ndi ndalama zokwanira. Olemba mabuku aja amalidziwa bwino phompho limeneli, n'chifukwa chake kumapeto kwa nkhani zambiri zimaululika kuti woyendetsa boti uja ndiye mwini wake hotela yonse ndi minda ya mphesa ya kuseri kwa phiri. Akanakhala wosauka weniweni, bukulo likanathera pamzere wa kuofesi ya kazembe.

Chikondi chathu cha kunja kwa dziko chili ndi nkhope ina. Sichiyamba ndi tchuthi ayi, chimayamba ndi ulendo wa pabasi wokafuna ntchito ku Johannesburg, ndipo amene nkhani yake ndimafuna nditaiwerenga ndi mayi wotsala ku Bangula kapena ku Nchalo, amene poyamba amalandira mauthenga a pa WhatsApp tsiku lililonse, kenaka kamodzi pasabata, mpaka tsiku lina adzaona chithunzi cha mwamuna wake ali ndi mkazi wina. Makolo athu anali nalo kale dzina la anthu opita osabwerera, ankawatcha matchona. Amuna awo a azakhali anga anapita kumigodi ya ku Joni m'zaka za m'ma 1980, ndipo kwa iwonso mwina chinali chikondi chokoma chopezeka kudziko lachilendo, chokwanira kudzaza masamba mazana awiri, kungoti wotsala kuno ndi ana atatu sakanalowamo m'bukulo.

Sindinasiye kugula mabukuwa, ndipo ndikakweranso minibasi ya ku Limbe ndikabwera nawo ena atatu. M'buku la sabata yatha lija, nditafika pamene masamba anathothoka, mkazi uja ali m'takisi kupita kubwalo la ndege, ndinawauza azakhali kuti mathero ake palibe. Iwo sanadzutse n'komwe mutu. Anangoti, "Anapita kwawo ameneyo. Tandipatsira dengu ilo, nkhuku zisanathe mapirawa."