Kapu yasweka, mlandu wagwera ine

Kapu yanga ija yasweka lero, ndipo wopalamula ndi mphaka. Ndinali pomwepo. Amaikankha ndi phazi pang'onopang'ono, uku akundiyang'ana m'maso ngati akundiyesa, mpaka yafika kumapeto kwa tebulo. Kenako phwaa!

Chandiwawa si kapuyo kwenikweni. Ndi bambo a kunyumba, amene angosuzumira pakhomo n'kunena kuti, "Inu munali pafupi chonchi, osaiwakha bwanji?" Ine kukamwa kunangoti yasa. Ndasesa zidutswazo mwakachetechete, koma mawuwo andizungulira m'mutu tsiku lonse.

Madzulo, kaya anali masana, ndatenga tepi n'kuyeza tebulo lija: masentimita 75. Chinthu chikamagwa, liwiro lake limawonjezereka ndi mamita 9.8 pa sekondi, sekondi iliyonse, kaya n'cholemera kaya n'chopepuka, bola mpweya usachitchinge kwambiri. Nditawerengera ndapeza kuti kapu ija inakhala m'malere masekondi 0.39 basi. Kuti diso lione, ubongo ulamule, dzanja liyambe kusuntha, pamapita pafupifupi kota ya sekondi. Apo n'kuti kapu itatsika kale masentimita 30, ndipo liwiro likukulirakulira. Ndikanaiwakha ndi dzanja liti?

Ndawaonetsa pepalalo. Angoseka. "Mayi, mwafika pochita masamu chifukwa cha kapu?" Eya, ndafika.

Chondinyansa china n'choti mwini mlanduyo, mphaka uja, lamulo la kugwa kwa zinthuli silimuvuta. Sabata yatha, mwina ya dzana lija, anagona pamwamba pa wadirobu, n'kutembenuka ali m'tulo, n'kugwa chagada. Ndi mamita pafupifupi 2, kutanthauza masekondi 0.64. M'kanthawi kameneko anapinda msana, n'kutembenuza mutu ndi miyendo yakutsogolo ataikokera pachifuwa, yakumbuyo n'kutsatira, n'kutera ndi mapazi onse anayi. Anangonyambita phewa n'kumapita. Alibe pokankha, alibe pogwira, koma amatembenuka. Mu 1894 Étienne-Jules Marey wa ku France anachita kujambula zithunzi zotsatizana za mphaka akugwa kuti asayansi anzake aone ndi maso mmene zimachitikira. Ndiye si ine ndekha amene nyama imeneyi inandisowetsa mtendere.

Ndikulemba pano wakwera pashelefu. Pali botolo la maluwa. Ndayeza kale, ndi mita imodzi ndi theka, masekondi 0.55. Ndakhala patali masitepe atatu, ndipo phazi walitambasula kale