Lachitatu ku kalabu ya masamu: ma prime ndi magulu a manambala

Lero kwacha ndi mvula yowaza, ndipo ana a ku Mchengautuwa ndi ku Zolozolo afika mochedwa, choncho HCF (nambala yaikulu kwambiri yogawa manambala angapo popanda chotsala) ndi LCM (nambala yaing'ono kwambiri yogawika ndi manambala angapo) zidikira sabata yamawa. Nthawi yonse yathera pa ntchito imodzi: kuphwanya nambala mpaka patsale ma prime okhaokha, kenako kuona gulu lomwe ikugwera.

Prime ndi nambala yoposa 1 yomwe imagawika ndi 1 komanso iyo yokha basi. Mtsikana wina wa Fomu 2 anakweza mkono: "Aphunzitsi, nanga 1 mwamusiyiranji?" Funso lofunika kwambiri. Nambala iliyonse yoposa 1 imaphwanyika m'njira imodzi yokha: 12 ndi 2 × 2 × 3, palibenso ina. Tikalola 1 kukhala prime, 12 ikhalanso 1 × 2 × 2 × 3, kenanso 1 × 1 × 2 × 2 × 3, osatha. Maziko a lamuloli ali m'zolemba za katswiri wakale wa masamu, Euclid, ndipo katswiri wina, Gauss, analitsimikizira mokwanira mu 1801.

Kaphwanyidwe n'kosavuta. Gawani ndi 2 mpaka ikane, pitani pa 3, kenako 5, 7, 11, 13. Pa 360: 180, 90, 45, apa 2 wakana, 15, 5, apa 3 wakana, watsala 5. Lembani 2³ × 3² × 5 (kanambala kapamwamba kakunena kuti prime wabwera kangati), osati mndandanda wautali, chifukwa gulu la nambala limaoneka pa timanambala tapamwambato. Mukatha chulukitsaninso kuti mubwerere pa 360.

Pomwe ambiri agwa ndi pa 91 ndi 221. Akaona kuti 2, 3 ndi 5 akana, amati ndi prime. Koma 91 ndi 7 × 13, ndipo 221 ndi 13 × 17. Pamene muyenera kusiyira kuyesa ndi pa square root ya nambalayo (nambala yomwe ukaichulukitsa ndi iyo yomwe umapeza nambalayo), chifukwa ngati ikupangidwa pochulukitsa ma factor awiri (manambala oigawa popanda chotsala), sizingatheke kuti onse apose square root. Pa 221 yesani mpaka 13, popeza 15 × 15 ndi 225 kale.

Tinagwiritsa ntchito zaka zomwe aliyense amazidziwa. 1993, chaka cha referendamu, ndi prime, koma simunganene choncho musanayese ma prime onse mpaka 43. Amene anasiyira pa 41 pa chaka cha 2021 anapusitsidwa, poti 2021 ndi 43 × 47. Nambala yotere, ya ma prime awiri okha, imatchedwa semiprime. 1966 ndi 2 × 983, 1994 ndi 2 × 997, zonse ndi ma semiprime. Ngakhale 49 ndi semiprime, pakuti 7 wabwera kawiri. Njira ya RSA ya mu 1977, yomwe imateteza mauthenga pa intaneti, imadalira semiprime yaikulu zedi: kuchulukitsa ma prime awiri n'kwachangu, koma kuwapezanso n'kovuta ngakhale pa kompyuta.

Ngati palibe prime yobwera kawiri, nambalayo ndi squarefree. Thireyi ya mazira 30 ndi 2 × 3 × 5, ndiye ilowa. 1964 salowa, chifukwa ndi 2² × 491. Timanambala tapamwamba tikakhala tonse togawika ndi 2, nambalayo ndi square: 2025 ndi 3⁴ × 5², kutanthauza 45 × 45. Ndiye pali 72, yomwe inavutitsa anyamata a kumbuyo. Ndi 2³ × 3². Prime aliyense wabwera kawiri kapena kuposa, choncho ndi powerful number, komabe si square chifukwa cha ka 3 kali pamwamba pa 2.

Timanambala tomweti timawerengeranso ma factor. Wonjezerani 1 pa kalikonse, muchulukitse. Pa 360: 4 × 3 × 2, ma factor 24. Oiwala kuti 5 woima yekha ali ndi ka 1 pamwamba anapeza 12. Pa 2025: 5 × 3, ma factor 15. Square yokha ndiyo imakhala ndi chiwerengero cha ma factor chosagawika ndi 2.

Gulu lomwe ndimalikonda ndi la manambala opangidwa ndi 2 ndi 5 okha, chifukwa lili m'thumba mwathu. K200 ndi 2³ × 5², K1000 ndi 2³ × 5³, K2000 ndi 2⁴ × 5³, K5000 ndi 2³ × 5⁴. Mulibe 3, mulibe 7. N'chifukwa chake anthu atatu sangagawane K5000 ndendende, pomwe anayi, asanu kapena asanu ndi atatu angathe. Lamulo lomweli likugwira pa ma decimal: 7/40 imathera pa 0.175 chifukwa 40 ndi 2³ × 5, koma 1/6 ndi 0.1666 osatha chifukwa mu 6 muli 3. Msampha uli pa 3/12. Ana anaona 3 mu 12 n'kunena kuti siitha, koma ukaichepetsa ndi 1/4, yomwe ndi 0.25. Chepetsani kaye, kenako yang'anani nambala yapansi.

Ntchito yopita nayo kunyumba: aphwanye 108, 1001 ndi 2027, anene magulu onse omwe iliyonse ikugwera, awerenge ma factor ake, ndipo aweruze ngati 7/56 imatha kapena ayi osagwira kakyuleta. Pa 2027 alembe ma prime onse omwe ayesa, kuti tione pomwe aliyense wasiyira.