Tsiku limene amayi anakhuta ku New Orleans

Loweruka usiku, m'chipinda cha hotela

Ana agona, bambo awo akuwodzera pampando nsapato zili kuphazi, ndipo amayi alowa kale kuchipinda kwawo. Ine tulo palibe. Ndikufuna ndilembe za lero zisanazilale m'mutu, chifukwa lero amayi adya mpaka kukhuta. Chibwerereni ku America miyezi inayi yapitayi, aka n'koyamba kuwaona akumaliza mbale imene sindinaphike ine.

Amayi ndi a ku Nkhotakota, obadwira m'mphepete mwa nyanja. Chambo cha lero ndi cha dzulo amachisiyanitsa asanachigwire n'komwe. Ku Houston kumene tikukhala, tikapita nawo kokadya amangotola tchipisi tiwiri, kumwa madzi, n'kunena kuti akhuta. Tikafika kunyumba ndimamva poto akulira kukhitchini, akuteleka madzi a nsima usiku. Thupi latsika, ndipo mtima wanga wakhala ukuwawa. Ndiye bambo a ana atanena kuti tipite ku New Orleans kumapeto kwa sabata, ndinavomera ndi chiyembekezo chimodzi chokha, choti mwina kumzinda wa nsombawu amayi akapezako cholowa kukhosi.

Tinanyamuka dzulo masana kudzera msewu wa I-10, mtunda wa makilomita oposa 500. Penapake msewuwu umakwera pamlatho wa Atchafalaya n'kuyenda makilomita pafupifupi 29 pamwamba pa dambo, mitengo itaima m'madzi mbali zonse. Amayi anakhala chete nthawi yaitali akuyang'ana pawindo, kenako anati: "Madzi onsewa, anthu a kuno sangagone ndi njala ya ndiwo." Mawuwo anandilimbitsa mtima. Koma madzulo ake tinalakwitsa. Titatopa ndi ulendo tinangolowa mulesitilanti ina ya m'kanjira kodzaza alendo, momwe nyimbo zinali zogonthetsa m'khutu. Msuzi unabwera wozizira, wamadzimadzi, nsomba itauma ngati yagona pa dzuwa. Amayi analawa kamodzi n'kuika supuni pansi. Ndinagona ndi chisoni.

M'mawa wa lero tinayambira ku Café du Monde, pafupi ndi Jackson Square, malo amene akhala akugulitsa khofi kuyambira 1862. Mzere unali wautali koma unkayenda. Anatibweretsera zimene amazitcha beignet, zitatu pambale iliyonse, zotentha, zitakwiririka ndi shuga woyera wosalala ngati ufa. Amayi ananyema chimodzi, n'kuchiyang'ana m'kati, n'kuseka. "Mwanawe, awatu ndi mandasi." Ndi mandasidi, kungoti ndi opepuka, amphako m'kati. Anadya awiri, shuga atawayeretsa chitenje chonse, mdzukulu wawo wamng'ono akuwasansa. Khofi wa pamenepo amamusakaniza ndi muzu wa chicory wokazinga, ndiye amawawirako pang'ono, koma ndi mkaka wotentha amatsika bwino.

Titatuluka tinakwera masitepe kukaona mtsinje wa Mississippi. Ndi wotambalala, madzi ake ofiirira, zombo zikuluzikulu zikudutsa mwakachetechete. Amayi anati mtundu wa madziwo ukuwakumbutsa Bua nthawi ya dzinja, mpasa zikamakwera.

Cha m'ma 11 koloko bambo a ana anatikokera ku Acme Oyster House, mumsewu wa Iberville. Akhala akulakalaka ma oyster kuyambira kale. Kwa amene simunawaone, ndi tinyama tofewa tokhala m'kati mwa zigoba ziwiri zolimba ngati mwala, timene amatikolola m'madzi a m'mphepete mwa Gulf of Mexico. Tinakhala moyang'anana ndi bambo wina amene ntchito yake ndi kutsegula zigobazo. Dzanja limodzi lavala golovesi, linalo lagwira kampeni kakafupi konenepa. Amalowetsa nsonga pamene zigoba zalumikizana, kupotoza dzanja pang'ono, chigoba n'kutseguka, kenako amadutsitsa mpeni pansi kuti kanyamako kamasuke. Amachita zimenezi akucheza ndi makasitomala, maso ali kwina. Ndinamuyang'anitsitsa mpaka ndinaiwala kuitanitsa chakudya.

Bambo a ana anafinyira ndimu pa oyster wamuwisi n'kumeza. Amayi anatembenuza nkhope. "Akamwini, chamoyo chimenecho?" Anawayankha mwaulemu kuti ndi mmene amadyera kuno, koma amayi anakana kwamtuwagalu, ndipo sindinawakakamize. Munthu amene wakhala zaka zonse akuwamba ndi kuphika nsomba mpaka ipse bwinobwino simungamusinthe tsiku limodzi. Ine ndinatenga owotcha pamoto, othira batala, adyo ndi tchizi, ndipo msuzi wotsala m'chigoba ndinaunyambita ndi buledi. Mwana wathu wamkulu anadya po'boy, buledi wautali wodzaza ndi ma shrimp okazinga, tinyama ta m'nyanja tokhala ngati tinkhanu. Buledi ameneyu ali ndi mbiri yake: mu 1929 ogwira ntchito pa sitima za m'misewu ya mzindawu ananyanyala ntchito, ndipo abale awiri, Bennie ndi Clovis Martin, amene kale ankagwira ntchito yomweyo, ankawadyetsa ulere m'lesitilanti yawo. Dzinalo limatanthauza anyamata osauka. Amayi apa anangomwa madzi, mtima wanga n'kuyambanso kutsika.

Kuti chakudya chitsike tinayenda wapansi mpaka ku Louis Armstrong Park. M'kati mwa pakiyi muli bwalo lotchedwa Congo Square. Mzindawu anaukhazikitsa ndi Afalansa mu 1718, ndipo chaka chotsatira zombo zoyamba za akapolo ochokera ku Africa zinafika ku Louisiana. Pabwalo limeneli m'pamene akapolo ankasonkhana Lamulungu, tsiku limene ankapuma, kudzaimba ng'oma, kuvina ndi kugulitsa zakudya. Ndinawafotokozera amayi zimenezi tili pansi pa mitengo ikuluikulu. Iwo nkhani ya ukapolo si yachilendo. Anakulira pafupi ndi mkuyu umene David Livingstone anakumanapo ndi Jumbe, ndipo amadziwa kuti anthu ankawawolotsa nyanja pa Nkhotakota n'kuwayendetsa mpaka ku Kilwa. A kuno ambiri anachokera mbali ina, kumadzulo kwa Africa ndi cha ku Congo ndi Angola. Amayi anaima chete, manja kumbuyo, kenako anangoti: "Anafika kutali anthuwa."

Kuseri kwa pakiyi ndi dera la Tremé, limodzi mwa madera akale kwambiri a anthu akuda m'dziko muno. Tinalowa mukalesitilanti kakang'ono, matebulo osakwana khumi, chifukwa ana anali ndi ludzu. Ndinaona pabolodi palembedwa gumbo ndipo ndinaitanitsa mbale imodzi kuti tingolawa. Inabwera ikufuka nthunzi: msuzi wakuda wokhuthala, mpunga pakati, mwendo wa nkhanu utatulukira pambali, ma shrimp ndi tizidutswa ta soseji. Amayi anatenga supuni kungofuna kundisangalatsa. Anavundula kamodzi, n'kuima. Anatola kachidutswa kobiriwira kozungulira, kanjere zoyera m'kati, n'kukabweretsa pafupi ndi maso.

"Ili si therere ili?"

Linali therere lobala, lomwe lija la kudimba kwawo. Analawa, n'kulawanso, kenako anakokera mbale yonse patsogolo pawo. Sindinayankhule kanthu kuopa kuwasokoneza. Ndinangoitanitsa mbale ina ya ife. Dzina lakuti gumbo akatswiri ambiri amati linachokera ku mawu a therere m'zilankhulo za ku Angola, ki ngombo, ndipo mbewuyi inawoloka nyanja kuchokera ku Africa nthawi ya ukapolo womwewo. Ndinali nditawerengapo zimenezi, koma kuona amayi akulizindikira m'supuni, patangopita mphindi zochepa tichokere pabwalo lija, misozi inalengeza.

Mayi wophika anatuluka kukhitchini atamva kuti pali agogo ochokera ku Africa amene akufunsa mafunso. Ine ndinakhala womasulira. Amayi ankafuna kudziwa ngati amathira chidulo kapena soda. Mayiyo anapukusa mutu n'kufotokoza kuti chiyambi cha zonse ndi roux: ufa wa tirigu ndi mafuta, kuvundula pamoto wochepa osasiya, mwina theka la ola kapena kupitirira, mpaka usanduke wakuda ngati chokoleti. Ukatembenuka pang'ono n'kupserera, wataya, uyambirenso. Kenako amathira anyezi, selari ndi girinipepa, zitatu zimene sizisowa m'mphika wa kuno. Therere amayamba alikazinga palokha kuti lisanande kwambiri. Apa amayi anatsutsa. Anati kunandako ndiye kukoma kwa therere, nanga nsima itsetsereka bwanji kukhosi? Mayi uja anaseka mpaka kugwira tebulo, n'kunena kuti agogo ake nawonso ankatero. Anagwirana manja azimayi awiriwa, wina osamva chinenero cha mnzake, akuonetsana ndi manja mmene amagwirira mthiko.

Pobwerera tinadutsa pamene anyamata ena ankaphika crawfish m'chimphika chachikulu panja, pamodzi ndi chimanga chachiwisi ndi mbatatesi, fungo la tsabola lili tolotolo mumsewu. Ino ndi nyengo yake. Ndi tinkhanu tofiira ta m'madzi opanda mchere, ndipo alimi ambiri a ku Louisiana amatiweta m'minda ya mpunga akakolola. Izi zinawagwira mtima amayi, amene alima mpunga moyo wawo wonse: munda umodzi, mpunga ndi ndiwo zomwe. Tinagula pang'ono. Umapotoza mutu, kusenda mchira, n'kudya kanyama kochepa ngati chala. Ana anasangalala nazo kuposa akulu.

Madzulo tinapita kumene ndinasungitsa malo milungu itatu yapitayo, ku Dooky Chase's Restaurant mumsewu wa Orleans. Ndinavala diresi, amayi anasintha chitenje ndi duku. Malowa anatsegulidwa mu 1941, ndipo amene anawatchukitsa ndi Leah Chase, amene anaphika pamenepo zaka zoposa 70 mpaka kumwalira kwake mu 2019 ali ndi zaka 96. Nthawi imene malamulo ankaletsa akuda ndi azungu kudyera pamodzi, iye anafuna kuti anthu a mtundu wake akhale ndi malo a nsalu zoyera patebulo ndi mbale zabwino, monga ankaonera m'malesitilanti a azungu m'mene anagwirapo ntchito. M'chipinda cha m'mwamba omenyera ufulu wa anthu akuda ankakumanamo kukonza mapulani awo, ndipo Martin Luther King Jr. ndi loya wotchuka Thurgood Marshall anadyapo m'nyumba imeneyi. Madzi a mkuntho wa Katrina atamiza mbali yaikulu ya mzindawu mu 2005, lesitilantiyi inawonongeka, koma mayiyu ali wokalamba kale anaimanganso n'kuitsegula mu 2007. Makoma onse ndi odzaza zithunzi zojambulidwa ndi akatswiri achikuda, zimene anasonkhanitsa yekha.

Bambo a ana sayenda opanda kabotolo ka Nali m'thumba la jekete. Nditaona dzanja likulowera kumeneko ndinawagwira. Ndinawakumbutsa kuti mu 2008 Barack Obama anadzudzulidwa ndi Leah Chase m'nyumba yomweyi chifukwa chofuna kuthira tsabola mu gumbo asanalawe. Amayi atamva anavomereza ndi mutu, nati mayiyo ankadziwa ulemu wa mphika: uyambe walawa dzanja la wophika. Kabotolo kanabwerera m'thumba, ndipo sikanatulukenso.

Gumbo wa pano ndi wosiyana ndi wa masana uja. M'malo mwa therere amathira filé, ufa wa masamba ouma a mtengo wa sassafras, umene anthu a kuno anaphunzira kwa Achoctaw, eni dziko akale. Fungo lake ndi la masamba a kutchire, ndipo msuzi ndi wopepukirapo. Apa ndinamvetsa chimene mawu akuti Creole, dzina la kaphikidwe ka mumzinda uno, amatanthauza pa chakudya: roux wa Afalansa, therere ndi mpunga wa Aafirika, masamba a Achoctaw, ndi zina za Asipanishi amene analamulira mzindawu zaka makumi angapo, zonse zitakumana m'manja mwa ophika amene ambiri anali akuda. Kwa ine wa therere uja ndiye wapambana, ngakhale wa pano ndi wokonzedwa mwaluso kwambiri.

Amayi ndinawaitanitsira catfish yokazinga, imene kwathu tingati mlamba. Kunja inali yokhukhuluza, m'kati yoyera, yofewa, yonyowa bwino. Anayang'ana foloko ndi mpeni, n'kundiyang'ana ine. Ndinawauza kuti adye mmene akufunira. Anapukuta manja n'kuyamba kunyema ndi zala, pang'onopang'ono, osayankhula. Atafika pakati anafunsa kuti mutu wa nsombayi apita nawo kuti, popeza nsomba yopanda mutu kwa iwo ndi yosakwanira. Woperekera zakudya nditamumasulira anamwetulira n'kunena kuti kuno amadula mnofu wokha. Amayi anadandaula pang'ono za mituyo, koma mbale anaiyeretsa. Anatolanso ntchafu ya nkhuku yokazinga pambale ya mdzukulu wawo, n'kuvomereza kuti yaphikidwa ndi munthu wodziwa.

Bilu itabwera ndinailandira msanga n'kuwonjezera 20 peresenti ya woperekera zakudya, monga mwa mwambo wa kuno. Sindinafune kuti amayi ayambe kusintha madola kukhala makwacha m'mutu, chakudya chingawabwerere kukhosi.

Mawa tikapemphera Misa ya m'mawa ku St. Louis Cathedral, kenako tikwera sitima yobiriwira ya mumsewu wa St. Charles kuti ana aone, tisanayambe ulendo wobwerera. Polowa kuchipinda kwawo amayi anandiitana pakhomo. Akufuna tikafika ku Houston tikagule therere, nkhanu ndi ufa wa tirigu. Akuti Lachiwiri aphika okha msuzi wakuda uja, koma therere lawo salikazinga, ndipo tidzadyera nsima.