Zikomo Amayi Asisitere a ku Angónia

Ife makolo ndi aphunzitsi a kuno ku Angónia, m'dziko la Mozambique, tikuthokoza inu amayi asisitere amene mwakalambira pantchito pakati pathu.

Mwana wa kuno amayamba kalasi yoyamba akudziwa Chichewa chokha, pomwe mabuku ambiri ali m'Chipwitikizi. Ambiri amangoloweza mawu osamva tanthauzo, ndipo akafika kalasi yachitatu kuwerenga kumawakanika. Inu mumayamba ndi a, e, i, o, u, kenako ma, me, mi, kufotokoza m'chilankhulo cha kwawo, Chipwitikizi n'kubwera pambuyo. Zimachedwa, inde, koma mwana wotere sabwerera m'mbuyo.

Atsikana amasowa m'kalasi nyengo yokumba mbatatesi, ena n'kukwatiwa ali aang'ono. Mtsikana akajomba sabata yathunthu simudikira kalata, mumapita nokha kukakhala pamphasa ndi makolo ake.

Boma litatenga sukulu za mishoni mu 1975, katekisimu ndi kuyendera odwala simunasiye. Mtendere utabwera mu 1992, munalandira ana obwerera kuchokera ku Malawi kumene anathawira nkhondo, ena a zaka 12 asanagwirepo pensulo, n'kuyamba nawo pa a.

Ambuye akupatseni mphamvu, amayi athu. Zikomo kwambiri.