Chisoni changa chidamukhazika kumbuyo

Ku koleji phunziro la maphunziro ophatikiza, oti ana aulumali aziphunzira limodzi ndi anzawo, ndidalikhoza bwino ndithu. Ndinkatha kulakatula pamtima kuti Malawi idavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, kuti mu 2012 dziko lathu lidakhazikitsa lamulo la ulumali, komanso kuti kalembera wa 2018 adapeza kuti mwa anthu 100 aliwonse a zaka zisanu kupita m'tsogolo, pafupifupi 10 ali ndi ulumali. Zonsezi zidangokhala m'kope mpaka pamene adanditumiza kukaphunzitsa moyeserera pa sukulu ina kufupi ndi Linthipe, kuno ku Dedza.

M'kalasi langa la Sitandade 4 mudali mnyamata wosamva bwino. Makutu adagontha atadwala malungo aakulu akadali wamng'ono. Tsiku loyamba lomwe mtima udandiwawa. Kusesa ndinkamuchotsa, kumjigo sindinkamutuma, mafunso ndinkamudumpha poopa kumuchititsa manyazi. Ankangokhala phee kumbuyo, ine n'kumadziyamikira kuti ndine mphunzitsi wachifundo.

Patatha masabata atatu kudabwera agogo ake.

"Madamu, mdzukulu wangayu wakulakwirani chiyani?"

"Palibe, agogo. Ndi mwana wofatsa."

"Nanga bwanji anzake onse mumawatuma, iye mumamusiya? Kwathu ameneyu ndiye amathirira kachewere kudimba. Tikakagulitsa pa Chimbiya, wowerengera ndalama ndi yemweyu. Pano wasanduka dzira?"

Ndidasowa chonena. Madzulo ake m'pamene mawu a aphunzitsi athu a ku koleji adandilowa, oti vuto la m'thupi ndi lina, chotchinga chimene anthu amaika ndi chinanso. Kudimba mnyamatayu sadali wolumala. Anzake amene adakula naye amamugwira paphewa, kumuyang'ana kumaso, ndipo ali ndi zizindikiro zawozawo za mpira, phala, ngakhale za ineyo (akuti amaloza magalasi). Ulumali wake unkayamba akalowa m'kalasi langa, momwe ine ndinkalankhula nditayang'ana kubolodi, iye ali pa mzere wotsiriza. Sindidadzifunsepo kuti phunziro langa limaoneka bwanji kwa munthu amene akungoona msana wanga. Chisoni chidandikwanira, ndipo chisoni n'chotsika mtengo: umamva iweyo, mwiniwake osamufunsa.

Ndidayambanso kutchera khutu ku zokamba za anthu. Amene amamudziwa amamuitana dzina lake. Amene amangomuona pamsika ndiwo amati "kagonthi kaja", ena n'kuwonjezera kuti makolo adamukhwimira kuti mbatata zizichuluka. Anthu omwewo pamaliro amanena mwambi woti lungalunga m'pobadwa, chilema chichita kudza, koma safika nawo pa mwana amene waima patsogolo pawo. Anzathu achialubino akumana ndi zoposa apa, kuyambira maina achipongwe mpaka kuphedwa. Komabe mu 2021 anthu a ku Nkhotakota adasankha a Overstone Kondowe kukhala phungu woyamba wachialubino m'dziko muno. Kwa ine zikuonetsa kuti munthu akadziwika ndi ntchito zake, maso a anthu amasintha.

Aphunzitsi ena adati mwanayu angopita ku Mua, kumene kuli sukulu ya ana osamva. Kumeneko akanaphunzira chinenero chamanja chenicheni, izo n'zoona. Koma m'mawu a ena ndinkamvamo kufuna kutula katundu, ndipo agogo adali asanakonzeke kusiyana naye.

Lolemba lotsatira ndidamukhazika kutsogolo, kufupi ndi zenera kuti aziona milomo yanga. Ndidapempha mnzake wapamtima kuti andiphunzitse zizindikiro zawo, ndipo kalasi lonse lidafa nalo phwete poona zala zanga zikusokonezeka. Lachitatu adachedwa pamodzi ndi anyamata ena anayi. Ndidatenga matsache asanu. Lake adalandira, n'kuthamanga kukalanda malo a pansi pa mtengo wa mango, pomwe pamagwa masamba ambiri.