PZ30 ija inandichititsa manyazi pa galaja

Uno ndi mwezi wachinayi ndikuphunzira kukonza njinga zamoto pa galaja ina kuno ku Lilongwe, ndipo sabata yathayi ndi yomwe ndinagwira kabureta, chipangizo chosakaniza petulo ndi mpweya, ndekha koyamba abwana atapita kukagula masipeya. Ndati ndilembe zisanandichoke m'mutu.

Inabwera njinga ya kabaza, ya 125cc, injini zija zokopera Honda CG zadzadza mtauni muno zija. Mwini wake akuti ikudontha petulo pansi komanso ikumazima akangoima. Nditamasula kambale ka pansi pa kabureta ndinapeza kuti fuloti yabooka, kuigwedeza pakhutu petulo kuchita kumveka mkati, ndiye siimayandamanso kuti ikankhe kasingano kotseka mafuta. Vuto linali lomwelo basi. Koma ine maso anali kale pa kabureta ina, PZ30, yomwe inali m'bokosi la zakale, pomwe ya njingayo inali PZ26, mumtima ndikuti 30 yaposa 26 ndiye njingayi iuluka, mkulu wa kabazayu akauza anzake onse pa renki kuti pali mwana wina amadziwa ntchito.

Ndinaimanga pa njingayo, mabawuti analowa bwinobwino, njinga n'kulira, ine kumwetulira. Kungoti ndikoke thotolo mwamsanga inangoti bwooo ngati ng'ombe yotsamwa n'kuzima. Kawiri, katatu, chimodzimodzi. Ndinayamba kupotokola kasikuluu kotchunira kabureta uku ndi uku osadziwa kuti ndikuonjezera kapena ndikuchepetsa petulo, mkulu uja ali chete atakhala pa tayala akungoyang'ana wotchi pa foni.

Abwana atafika sanakalipe, anangofunsa kuti "iwe mphwanga, wayeza?" Ndinalibe yankho. Anatenga paipi yotsukira njinga n'kutsegula madzi, akutuluka mwaulesi, kenako anatsina kumapeto ndi chala madzi n'kufika pakhoma. Akuti kabureta imagwira choncho. Pisitoni ikamatsika imakoka mpweya, mpweyawo ukamadutsa pakhosi popapatiza umathamanga, ndipo kuthamangako ndi kumene kumayamwa petulo kudzera mu jeti, kabowo kotulukira petulo. Ukaika khosi lalikulu pa injini yaing'ono mpweya umayenda pang'onopang'ono, petulo sakwera mokwanira, ndiye ukatsegula thotolo mwadzidzidzi injini imangomeza mpweya wokhawokha. N'chifukwa chake 125 imayendera PZ26, 150 PZ27, PZ30 ija ndi ya 200 kupita m'mwamba. Ma PZ30 ena amakhala ndi kapampu pambali kothira petulo ukakoka, yangayo inalibe.

Madzulo ake anandikhazika pansi ndi veniya, chida choyezera, makabureta asanu ndi imodzi atandandalika pa katoni. Kuyeza bowo la mbali ya injini, kuyeza kukamwa kwa mbali ya fyuluta chifukwa labala yochokera ku bokosi la mpweya ikapanda kugwira bwino fumbi la kuno lilowa n'kudya ma ringi a pisitoni, kenako mtunda wa mabowo a mabawuti kuchokera pakati mpaka pakati. Choko, yothandiza kuliza injini yozizira, nayo uone, ina ndi kachitsulo kokweza ndi chala pomwepo, ina imabwera ndi kebulo kuchokera pa handulo. Ndipo dzina lolembedwa pathupi osalikhulupirira kwambiri, Keihin ndi Mikuni ndi makampani a ku Japan inde koma zolembedwa Keihin zimene zili m'bokosi mwathu zambiri Japan sizinamuoneko, ziwiri zinali ndi nambala imodzi koma veniya inanena zosiyana. Ina yachivindikiro chachikulu chophwatalala pamwamba ndi mtundu wina, CV, mkati muli labala yopyapyala imene imakweza silaidi, kachitseko ka pakhosi, ndi mpweya osati ndi kebulo, labalayo ikang'ambika ngakhale pang'ono njinga siikoka. Iyoyo sindinayambe kuigwira.

Chimene chandisangalatsa kwambiri ndi nkhani ya kasikuluu kaja. Ndinkaona ngati pa makabureta onse kamagwira ntchito imodzi. Ayi ndithu. Kakakhala mbali ya injini ndi ka mafuta, kumasula ndiko kuonjezera petulo. Kakakhala mbali ya fyuluta ndi ka mpweya, kumasula ndiko kuonjezera mpweya. Ndiye dzanja lomwelo, kupotokola komweko, zotsatira zotsutsana! Komanso kamangolamulira pa aidulo, injini ikamalira yokha osaikoka, ndi thotolo yaing'ono limodzi ndi payiloti jeti, pakatikati pamalamula singano ya pa silaidi, ukatsegula yonse ndi meni jeti. Ine ndinkalimbana ndi kasikuluu pa vuto loti sikangalithe. Singanoyo ili ndi timizere tisanu kumutu, kilipi ikatsika mzere umodzi singano imakwera petulo n'kuchuluka, izi ndimazisokonezabe mpaka ndajambula mu kope. Kilipi yakenso ndi yaing'ono zedi, imodzi inandithawa pa pulayazi ndipo mpaka lero ili penapake mu dothi la pa galaja.

Pulagi ndiye mboni. Yakuda yamwaye petulo wachuluka, yoyera mbee mpweya wachuluka ndipo injini ikutentha, yabwino imaoneka ngati tiyi wamkaka. Abwana akuti ngakhale malo amasintha zinthu, njinga yoitchuna ku Nsanje kumene kuli kotsika ikakwera ku Dedza imayamba kudetsa pulagi chifukwa kumapiri mpweya ndi wopepuka pomwe jeti ndi yomwe ija.

Njinga ya mkulu uja tinabwezera PZ26 yake, fuloti ina, kupemerera ma jeti, n'kulira kamodzi. Anachoka dzuwa litapendeka, tsiku lonse osanyamula munthu, ndipo petulo amene ndinamuwotchera abwana anandidula pa ndalama ya nkhomaliro. PZ30 yabwerera m'bokosi, ndaimata selotepi n'kulembapo miyezo yake itatu ndi bolopeni.