Zaka zitatu tikuperekeza anthu ku Haddon Hall

Mwezi uno kabizinesi kathu kakwanitsa zaka zitatu. Timatenga anzathu okhala kuno ku Britain, ndi abale awo obwera kudzacheza, kukawaonetsa nyumba zakale za kumidzi uku tikufotokoza zonse m'Chichewa. Malo amene atidyetsa kwambiri ndi Haddon Hall, pafupi ndi tauni ya Bakewell ku Derbyshire, pakaphiri koyang'ana mtsinje wa Wye.

Nyumbayi inapulumuka chifukwa eni ake anaisiya. Banja la Vernon linaipeza kudzera mu ukwati m'zaka za m'ma 1100, ndipo Dorothy Vernon atakwatiwa ndi John Manners mu 1563, inadzagwera m'manja mwa a Manners. Cha mu 1703 banjali linakakhazikika ku Belvoir Castle, Haddon n'kukhala yotseka zaka pafupifupi 200. Anzawo olemera nthawi imeneyo ankagumula nyumba zawo kuti zigwirizane ndi fasho, iyi ayi. Anadzaikonza m'ma 1920 ndi Duke wa nambala 9 wa Rutland, mkulu wa banja la Manners lomwelo, mosamala, osasintha maonekedwe.

Ife timayambira kukatchalitchi ka St Nicholas, anthu asanachuluke, poti ndi kakang'ono. Mbali zina za katchalitchiko ndi za nthawi ya a Norman, anthu ochokera ku France amene analanda England mu 1066, koma windo la kum'mawa lili ndi chaka cha 1427. Muyang'ane makoma. Zithunzizo ndi za m'ma 1400, anazijambula pa pulasitala wouma, n'chifukwa chake utoto wake ndi wotuwa ndipo suchedwa kusupuka. Zinapakidwa laimu pa nthawi ya kusintha kwa mpingo, Aprotesitanti atayamba kukana zithunzi m'matchalitchi, ndipo laimu yemweyo ndi amene anazisunga mpaka atazivundukulanso. St Christopher akuoneka akuwoloka mtsinje, nsomba zili m'miyendo. Osakhudza khoma, chonde. Pomwepo pali chosema cha mabo choyera cha mnyamata wogona, Lord Haddon wa m'banja la Manners, amene anamwalira mu 1894 ali ndi zaka 9. Anachikonza ndi mayi ake, Violet. Amayi ambiri m'magulu athu amakhala kaye chete pamenepo.

Tikatuluka timalowa mu holo yodyeramo ya cha m'ma 1370. Pakhoma la matabwa pali kachitsulo komangira dzanja: amati wokana kumwa ankamukoleka mkono pamenepo n'kumuthira mowawo m'malaya. Kenako kukhitchini, kenako Long Gallery, chipinda cha mamita pafupifupi 33 m'litali chomwe eni nyumba ankayendamo kuwongola miyendo kunja kukazizira. Magalasi ake ang'onoang'ono anaikidwa mopendeka, lililonse njira yake, kuti azikola kuwala.

Sizinali zophweka. Chaka chathu choyamba, kampani ina yobwereketsa minibasi inalandira dipoziti yathu n'kusabwera pa tsiku la ulendo, foni osayankhanso. Makasitomala anaima pa siteshoni m'mvula. Tinabweza ndalama za aliyense kuchokera m'thumba mwathu, ndipo ngongoleyo inatilemera nyengo yonse yozizira. Bwana wa kampaniyo, ngati mukuwerenga: minibasi tili nayo yathuyathu tsopano.

Zikomo kwa amayi a m'gulu lathu la mapemphero amene anatikhulupirira titangogwa kumene, kwa achimwene amene amayendetsa galimoto Loweruka atatoperatu ndi shifiti ya usiku, kwa anzathu a chipereganyu amene anatilola kulandira msanga, komanso kwa agogo aja ochokera ku Dedza amene anatikonza Chichewa chathu pagulu, ife n'kuvomera.

Malo a maulendo akubwerawa tayamba kulembetsa. Magulu athu ndi ang'ono kuti aliyense amve tikamafotokoza m'katchalitchimo. Muvale nsapato zafulati zosaterera, chifukwa masitepe amwala anadyeka pakati ndipo bwalo silosalala; amene ali ndi vuto la mawondo atiuziretu polembetsa. Jekete ya mvula musaisiye ngakhale kutacha ndi dzuwa. Tiyi ndi mandasi a panjira ndi zathu.